Ndalama Sizikhala Pamkeka

Lero ndi Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julayi, tsiku limene Papa Francis adalikhazikitsa mu 2021 kuti Eklezia yonse izikumbukira agogo ndi anthu okalamba. Adaliika pafupi ndi 26 Julayi, chikondwerero cha Yoakimu ndi Anna Oyera, makolo a Amayi Maria, agogo ake a Ambuye Yezu. Ndiloleni ndiyambe ndi zimene zidandichitikira masabata atatu apitawa.

Lachisanu loyamba la mwezi uno ndidaperekeza mtumiki wa Ukaristia kukayendera odwala ndi okalamba a m'mphakati wina wa parishi yathu. Khomo lachitatu lidali la agogo ena amene adaimba kwaya muno zaka zambiri, mpaka pamene mawondo adawakaniza kuyenda. Tidawapeza pakhonde, pamkeka, atavala kale chitenje cha Amayi Achikatolika, kolona ili m'manja. Nyumba yawo ndi yabwino, ya malata ndi magetsi, ndipo thumba la ufa lidali poonekera. Atalandira Ambuye tidapemphera, kenaka ine ndidasuzumira nthawi pafoni, pakuti makomo ena anayi ankatidikira.

Agogowo adandiona. “Mwanyamuka kale, aphunzitsi?” Pofuna kusalaza nkhani ndidafunsa ngati ana awo akuwasamala. Iwo adati: “Ana anga ndi abwino. Wa ku Johannesburg amatumiza, wa ku Blantyre amatumizanso. Foni ikangolira ndimadziwa kuti zalowa. Koma aphunzitsi, ndalama sizikhala pamkeka. Sizifunsa kuti mwadzuka bwanji.”

Tidaseka tonse atatu. Koma pobwerera mawuwo adandikhala pamtima, chifukwa inenso ndili ndi agogo kumudzi ku Dedza, amene adandilera kuyambira ndili ndi zaka 6. Mwezi ukatha ndimawatumizira kangachepe pa Airtel Money, ndipo chikumbumtima changa chimagona tulo. Nditawerenga ndi zala ndidapeza kuti patha miyezi 14 ndisanapondeko phazi, chikhalirecho ulendo wake supitirira maola atatu. Choncho funso limene ndikufuna tiliganizire limodzi lero layamba kundiluma ine mwini: kodi n'kutheka kulemekeza munthu amene tilibe naye nthawi?

Kulemekeza n'kutani?

Lamulo lachinayi, lotiuza kulemekeza bambo ndi mayi, timalipeza pa Eksodo 20:12. Ife aphunzitsi timaliphunzitsa kwa ana a Tilitonse ngati kuti ndi lamulo la ana okhaokha: uzimvera, uzitumika, usamayankhe mwano. Koma taonani anthu amene adalandira Malamulo Khumi pa phiri la Sinai. Ndi omwewo amene akuuzidwa kuti asachite chigololo, asaperekere umboni wonama, asasirire mkazi kapena ng'ombe ya mnzawo. Amenewa ndi anthu a mabanja awo, ndiye kuti makolo awo adali okalamba kale. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2218, amanena poyera kuti lamuloli limakhudza ana amene adakula, ndipo pakati pa zimene ayenera kuthandiza makolo amatchula ukalamba, matenda ndi kusungulumwa.

M'Chihebri, mawu amene adamasuliridwa kuti kulemekeza amachokera ku tsinde lotanthauza kulemera. Khutu la Mchewa silivutika pamenepa, pakuti ulemu, kulemekeza ndi kulemera zimamveka ngati ana a nyumba imodzi, ndipo tikafuna kunena zosiyana nazo timati kupeputsa munthu. Kulemekeza agogo ndiko kuwalola kuti alemere m'moyo mwako, kuti ukamakonza za sabata yako iwonso akhale ndi mbali pa sikelo.

Nanga timadziwa bwanji chimene chimalemera m'moyo wa munthu? Timayang'ana kumene maola ake amathera. Kugwada, kulandira ndi manja awiri, kuvula chipewa, kunena kuti “inu”, zonsezi ndi zabwino ndipo tisazitaye. Koma zimatha m'kamphindi. N'kutheka kuwagwadira agogo m'mawa, n'kuwasiya tsiku lonse kuseri kwa nyumba opanda wowalankhula, ana ali pa TV, ife tili pa WhatsApp. Pamenepo mwambo tasunga, koma munthu tamupeputsa.

Chimene ndalama sizingagwire

Wina asandimve molakwa. Ndalama n'zofunika, ndipo mwana amene amatumiza akuchita bwino. Paulo Woyera, pa 1 Timoteo 5:8, amamuyesa wokana chikhulupiriro munthu amene sasamala abale ake. Mankhwala a BP amagulidwa, feteleza amagulidwa, denga lodontha silikonzedwa ndi moni. Amene amabwera kudzacheza n'kudya nkhuku ya agogo osasiya kanthu, pamene akadatha, nayenso ali ndi mlandu wake.

Komabe pali kusiyana pakati pa mphatso ziwirizi. Ndalama ungatumize kudzera mwa wina, ndipo K20,000 yochokera kwa iwe siisiyana ndi K20,000 yochokera kwa mlendo. Nthawi siitumizika. Palibe amene angakhale pamkeka m'malo mwako n'kukhala iwe. Ndalama ikatha ina imabwera, koma ola limene wapereka lapita ndithu, chifukwa ndi kachidutswa ka moyo wako. Okalamba amadziwa mtengo wa ola kuposa ife, pakuti awo atsala ochepa. Ukawatumizira ndalama amamva kuti sukufuna kuti avutike. Ukakhala nawo pansi amamva kuti ukukondwa kuti akadali moyo. Munthu amafunika kumva zonse ziwiri.

Amayi Maria adatisonyeza njira. Luka akutiuza kuti atamva kwa mngelo kuti mbale wawo Elizabeti ali ndi pakati mu ukalamba wake, adanyamuka mofulumira kupita ku dziko lamapiri la Yudeya. Timakonda kuimba za moni wa pakhomo uja, koma timadumpha vesi 56 ya mutu woyamba, imene imanena kuti adakhala kumeneko pafupifupi miyezi itatu. Taganizirani nyumba imeneyo: mayi wokalamba woyembekezera, ndi Zakariya amene nthawi yonseyo sankatha kulankhula. Mtsikana amene adali ndi nkhawa zakezake, za pakati pake ndi za Yosefe, adatha miyezi itatu pakati pa nkhalamba ziwiri. Mulungu atangolowa m'dziko, ulendo wake woyamba udali wokachezera okalamba.

Pali mawu ena a Ambuye amene ayenera kutiopsa ife okonda za tchalitchi. Pa Marko 7:9-13, Yezu akudzudzula Afarisi chifukwa cha mwambo wa korbani: munthu ankanena kuti chuma chimene akadathandizira makolo ake wachipereka kwa Mulungu, ndipo basi, udindo wake watha. Ndadzifunsa ngati ine sindinasandutse nthawi yanga korbani. Loweruka maphunziro a akatekumeni, Lamulungu Misa ndi misonkhano, pakati pa sabata mphakati ndi komiti. Zonsezi n'zoyera. Koma ndikamauza agogo anga pafoni kuti sindingabwere chifukwa ndatanganidwa ndi ntchito ya Mulungu, ndiyenera kukumbukira kuti Mulungu yemweyo ndiye adapereka lamulo lachinayi, ndipo Yezu adakana kuti dzina la Atate ake likhale chobisalirapo.

Chuma chimene tikuchisiya pakhonde

Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dziko lathu ndi la ana: kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, oposa theka adali osakwana zaka 18. Madambo otere ndi ochepa, ndipo chaka chilichonse ena akuuma.

Taganizirani zimene anthuwa adaona. Amene adapitirira zaka 80 amakumbukira njala ya 1949 ndi mmene mabanja adapulumukira. Ambiri amene lero akuyenda ndi ndodo adali m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, pamene idawerengedwa kalata ya maepiskopi athu imene idatsegula njira ya riferendamu ya 1993. Afunseni mmene mitima idagundira tsiku limenelo, pa nthawi imene kunong'ona kokha kunkatengetsa munthu. Ndipo m'zaka zimene Edzi inkakolola makolo athu, ma ARV aulere asanayambe kupezeka m'zipatala za boma mu 2004, ndani adatola ana amasiye? Agogo. Adaika ana awo m'manda, n'kubwerera kunyumba kukaphikira adzukulu. Ambiri a msinkhu wanga tili ndi madigiri lero chifukwa cha mayi wokalamba amene adagulitsa mbatata ndi zitumbuwa kuti tipeze yunifolomu.

Chikhulupiriro chomwechi chidatifika kudzera mwa iwo. Paulo amakumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chidayamba kukhala mwa agogo ake a Loisi. Ambiri a ife chizindikiro cha mtanda tidachiphunzira dzanja lathu lili m'dzanja la agogo. Ndipo tsiku limene Yosefe ndi Maria adapita ndi Mwana ku Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, amene adamuzindikira ndi Simeoni wokalamba ndi Anna wa zaka 84. Banja laling'ono lidanyamula Mpulumutsi, koma lidafunika nkhalamba kuti zilimasulire chimene lanyamula.

Nzeru zoterezi sizituluka mwa changu. Wokalamba amayamba ndi za mvula, za mbuzi, za maliro a uje, n'kubwereza nkhani imene wakuuza kale kawiri. Mawu amene udzawakumbukire moyo wako wonse amabwera pa ola lachiwiri, utasiya kale kuyang'ana foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga nzeru zikatha?

Apa ndi pamene funso lathu limafika pa fupa. Tikanena kuti tizilemekeza okalamba chifukwa ali ndi nzeru, kapena chifukwa amatilerera ana, ndiye kuti tikuwalemekeza chifukwa cha phindu. Nanga tsiku limene phindulo lidzathe? Nanga agogo amene saonanso, samvanso, amadziipitsira pogona, ndipo mwana wawo weniweni amamufunsa kuti “ndinu yani”?

Pali matenda a ubongo amene achipatala amawatcha dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi Alzheimer's. Amagwira makamaka okalamba. Munthu amaiwala mayina ndi njira ya kwawo, amasokoneza usiku ndi usana, amatha kutuluka pakati pa usiku osavala bwino, amalankhula ndi abale amene adamwalira kale ngati ali pomwepo. Tsopano taganizirani mayi wotere atapezeka m'bandakucha pakhomo la eni ake ku Kawale kapena ku Mchesi. Tonse tikudziwa mawu amene khamu lidzafuule. Amene ankafunika chofunda ndi womuperekeza kwawo amalandira miyala.

Izi si nkhambakamwa. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi khamu powaganizira ufiti, mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Nkhani zonga imeneyi tikuzimvabe pa wailesi. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma lamulo silikhala pamudzi usiku. Ndipo tinene zoona: m'makamu oponya miyala mumakhala anthu obatizidwa, ndipo kawirikawiri chala choyamba chimalozedwa ndi wachibale.

Buku la Mphunzitsi Sira, lolembedwa zaka pafupifupi 200 Yezu asanabadwe, lidaona kale zimenezi. Pa mutu 3, umene timawerenga pa chikondwerero cha Banja Loyera, limalangiza mwana kuti apirire naye bambo wake ngakhale nzeru zitamuthawa, ndipo asamunyoze poona kuti iye akadali ndi mphamvu. Chifukwa chake n'chakuti ulemu wa munthu suchokera ku zimene angathe kuchita. Umachokera kwa Mulungu amene adamulenga m'chifaniziro chake, ndipo chifanizirocho sichifufutika ndi makwinya kapena kuiwala. Agogo akaiwala dzina lako, iwe sunaiwale lawo.

Pamenepanso nthawi ndiyo imateteza. Wokalamba amene amayenderedwa, amene a mphakati amadziwa matenda ake, amene adzukulu amaoneka pakhomo pake, sanenedwa ufiti msanga. Mphekesera zimamera pakhomo pamene udzu wamera panjira.

Zovuta zimene sitingazibise

Wina anena kuti: “Aphunzitsi, mukulankhula ngati simudziwa moyo wa m'tauni. Ndimanyamuka 5 koloko m'mawa kupita ku Kanengo, ndimabwera kutada, lendi ikundidikira, ndipo thiransipoti yopita kumudzi ndi ndalama ya ndiwo ya sabata yathunthu.” Izi n'zoona, ndipo Mulungu salamula zosatheka. Amene ali ku Johannesburg sangabwere mwezi uliwonse. Koma tiyeni tidziyese moona mtima. Ukwati wa mnzathu ku Mangochi timapezeka. Mpira wa Bullets ndi Wanderers maola awiri amapezeka. Ndipo uthenga wa maliro ukabwera, thiransipoti imapezeka tsiku lomwelo, tchuthi kuntchito chimapezeka, bokosi lokongola limapezeka. Ulendo umene tidzayende ndithu kukaika agogo m'manda, bwanji osauyenda iwo akadatha kutiona?

Wina anena kuti: “Bambo anga adatisiya tili ana, lero akalamba ndiye akundifuna.” Kapena: “Apongozi anga pakamwa pawo m'poopsa.” Kapena: “Agogo akundikakamiza kupita kwa sing'anga.” Imvi sizisandutsa munthu woyera, ndipo mabala ena ndi akuya. Katekisimu yemweyo amasiyanitsa kumvera ndi kulemekeza: udindo womvera makolo umatha mwana akadziimira payekha, koma ulemu sutha. Ungakane malangizo otsutsana ndi chikhulupiriro chako popanda kunyoza wokulangizayo. Ungakhululuke popanda kunamizira kuti palibe chidachitika, ndipo pamene padali nkhanza zenizeni ungafunike kupita ndi mnzako kapena kuyamba wakambirana ndi bambo mfumu. Chimene Mkhristu sangachite ndi kubwezera potaya munthu pa nthawi imene wafooka. Ifenso Mulungu sadatikonde chifukwa tidali oyenera.

Palinso chovuta chimene sitichitchula kawirikawiri. M'mabanja ambiri ntchito yosambitsa, kuchapa ndi kudyetsa wokalamba imagwera munthu mmodzi, ndipo nthawi zambiri ndi mkazi: mwana wamkazi, mpongozi, kapena kamtsikana kamene kasiyitsidwa sukulu. Ife amuna timatumiza ndalama n'kumafunsa malipoti. Koma pa mtanda, Yezu adapereka Amayi ake kwa Yohane, mwamuna, ndipo Yohane adawatenga kukakhala nawo kwawo. Abambo ndi anyamata, lamulo lachinayi ndi lathunso. Ndipo ngati mlongo wanu ndiye akusamala mayi, kumupumuza Loweruka limodzi ndi njira inanso yolemekezera mayiwo.

Tiyambire pati?

Tisadikire kuti tipeze nthawi, chifukwa nthawi siitoledwa panjira. Imachita kupatulidwa, monga timapatulira ya Misa. Amene makolo anu ali kutali, sankhani tsiku ndi ola pa sabata loimba foni, ndipo muimbe popanda nkhani ina koma kucheza. Asiyeni alankhule mpaka amalize okha. Lembani pa kalendala tsiku lopita kumudzi, ndipo mutenge ana, kuti asadzadziwe agogo awo pa chithunzi cha pa maliro. Amene mukukhala nawo m'nyumba, idyani nawo pamodzi, afunseni maganizo pa nkhani za banja, apatseni kuti atsogolere kolona madzulo.

Miphakati yathu idziwe okalamba onse a m'dera lake, Akatolika ndi ena omwe, makamaka amene alibe ana kapena ana awo adamwalira. Amene sangathenso kufika kutchalitchi, perekani mayina awo ku ofesi ya parishi kuti azilandira Ukaristia kunyumba. Sakramenti la Kudzoza Odwala si la munthu amene akutsirizika yekha ayi. Wokalamba amene mphamvu zachepa angathe kulilandira, ndipo ndi bwino alilandire akadatha kuyankha mapemphero. Amene muli ndi galimoto, mpando umodzi wopanda munthu Lamulungu m'mawa ungabwezere wina ku Misa imene adaisowa zaka zitatu. Achinyamata, mukamayendera okalamba musangosesa pabwalo n'kujambulitsa zithunzi. Khalani pansi, funsani mmene adakumanirana ndi amuna awo, mmene tchalitchi chino chidamangidwira, nyimbo zimene ankaimba pa ubatizo wawo.

Papa John Paul II, amene adatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, adalembera okalamba kalata mu 1999, iye mwini ali ndi zaka 79. M'zaka zake zomaliza dziko lonse lidamuona akunjenjemera, mawu akuvuta kutuluka, ndipo sadabisale. Adatiphunzitsa ndi thupi lake kuti munthu wofooka akadali ndi malo pakati pa anthu a Mulungu. Ana athu akuona mmene tikuchitira ndi makolo athu, ndipo akuphunzira mmene adzachitire nafe.

Loweruka lapitali ndidapempha mnzanga kuti andigwirire kalasi ya akatekumeni, ndipo ndidakwera minibasi ya ku Dedza. Agogo ndidawapeza akusola chimanga. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati: “Amuna anga, ndimayesa mudakwatira kwina.” Adandiyalira mkeka. Nkhani ya mbuzi imene idadya nyemba za a neba adandiuza katatu. Dzuwa litapendeka adandiuza za tsiku limene mayi anga adabadwa, nkhani imene sindidaimvepo chibadwire, ndipo palibenso wina wamoyo amene akadandiuza. Sindikudziwa kuti Mulungu watisungira Maloweruka angati, iwo ndi ine.

Agogo a kwaya aja akadali pakhonde pawo, ndipo m'mphakati mwanu muli ena onga iwo. Misa ikatha lero, musanapite kunyumba, dzifunseni kuti ndani akudikira phazi lanu. Yoakimu ndi Anna Oyera, mutipempherere ife ndi agogo athu.